Kumene Kunagona Khadi

A Getrude sananong'one. Ananena mawu awo poyera, tsiku limene khanda Dalitso anatuluka m'chikuta, ataima pafupi ndi njinga yamoto ya Alick, mkamwini wa pamudzipo, amene anali kumangirira sikelo ndi matumba opanda kanthu kumbuyo kwake.

"Atate a mwana, mundimve. Khandali likadali lozizira, sitinalitengere kumphasa. Mpaka tsiku limenelo musamagone m'njira. Mwamuna wogona m'njira sachedwa kukhudza mkazi wina, ndipo akatero amasempha mwana wake."

Alick anavula chipewa, nawerama monga ayenera kuchitira mkamwini pamaso pa apongozi, nati wamva. Koma soya anali atauma m'midzi yonse, ogula anzake anali atapita kale, ndipo chingwe sanaleke kumanga. Amayi a Mwandida, amene ndi ang'ono awo a a Getrude ndipo amavala bulauzi yoyera ya chigwirizano cha amayi a mpingo Lachisanu lililonse, anangoseka nati, "Akulu, mukufuna mkamwini akhale pakhonde kutiyang'ana ife? Tidzadya nkhope yake?" Anthu anaseka. Mwandida, mkazi wa Alick, nayenso anaseka, mwana ali pachifuwa. Njinga inalira, fumbi linakwera, ndipo mawu a a Getrude anatsala pabwalo ngati makoko a nshawa.

Akaunti ya ku banki inali ya Mwandida. Anaitsegula atangomaliza Giredi 12, pamene ankagulitsa mbewu ndi feteleza m'sitolo ina ku Katete. Kusukulu ankakonda phunziro la maakaunti chifukwa ndi lokhalo limene yankho limadzinenera lokha kuti lakhoza: mbali ziwiri zikafanana, mtima umakhala pansi. Ndipo mtima wa Mwandida sunali wokhala pansi msanga. Anali munthu wobwerera kukagwira loko kawiri, wonunkhiza ndiwo za dzulo mpaka kuzitaya. Atakwatiwa, khadi anapatsa Alick. Iye ankatapa ndalama kwa maajenti a banki a m'misika kuti alipire alimi, a ku depoti yogula soya ankalipira mu akaunti yomweyo, ndipo kapepala kalikonse ka kwa ajenti ankakasunga m'thumba la jekete. Akadutsa pamudzi masana, kwa ola limodzi kapena awiri, ankakhuthulira timapepalato m'chitini cha mkaka chimene Mwandida ankasunga kumutu kwa mphasa. Mwezi ukatha, banki inkatumiza sitetimenti pa foni, ndipo Mwandida ankakhala pansi kufananitsa mzere uliwonse ndi kapepala kake. Alick ankamuseka kuti anakwatira banki.

Chibadwire Dalitso, tulo ta Mwandida tinali tachidule ngati ta nkhuku. Ankadzidzimuka n'kuika chala pamphuno pa mwana. Masana ankayenda ngati munthu woyenda m'madzi, mawu a anthu akumufika mochedwa, ndipo zina zimene analota ankaziyesa zochitika, zina zochitika ankaziyesa maloto. Mwezi wa Ogasiti unalowa ndi mphepo ndi utsi wa moto wa kutchire. Mapiri a Mphangwe anasanduka mthunzi wotuwa, tsiku lina ooneka, tsiku lina osaoneka. Ndi m'masiku amenewo Dalitso anayamba kutsokomola.

Anapita naye ku kiliniki yapafupi. Anesi anamupatsa mankhwala akumwa, nati, "Amayi, akapanda kusintha, kapena mukaona nthiti zikulowa mkati popuma, musadikire munthu. Mupite naye ku chipatala chachikulu ku Katete." Mankhwala anatha, chifuwa sichinathe. Ndiye m'mawa wina, pomusambitsa, anaona timapazi tatupa, tonyezimira ngati tadzoledwa mafuta.

A Getrude anabwera osaitanidwa. Anakhala pamphasa, natenga kaphazi kamodzi, nakanikiza ndi chala chachikulu. Atachotsa, dzenje linatsala.

"Tsempho," anatero, mopanda mkwiyo, ngati munthu wonena kuti mvula yayandikira. "Atate ake amusempha."

"Ndi chifuwa, amayi aakulu. Anesi anati ndipite naye ku Katete."

"Anesi anaona chifuwa, mapazi sanawaone. Mwana wa tsempho ndi jakisoni siziyenderana, mwanawe. Ukamubaya, wamutsiriza. Ine ndinaika wanga woyamba m'manda chifukwa cha kufulumira komweko, amako akudziwa. Aitane atate ake abwere, aulule, amwetse mwana mankhwala ndi dzanja lawo. Akatero, upite kulikonse kumene ufuna."

Mwandida anayang'ana amayi ake. Ulendo uno sanaseke. Anali kuyang'ana kadzenje ka pa phazi la mdzukulu wawo, kamene kanali kudzadza pang'onopang'ono.

Pamudzipo foni imagwira pa chulu chachikulu cha kuseri kwa makhola, ndipo imagwira ikafuna. Mphepo ikachokera kumwera, imakulandira ndi uthenga wakuti wafika bwino ku Mozambique. Mwandida anakwera, mwana ali kumbuyo, naimba.

"Mwandi, uli bwanji? Kamnyamata kali bwanji?"

Anamuuza zonse, za mapazi ndi za a Getrude. Alick anayamba waseka, kenaka kuseka kunatha.

"Iwe ndiwe wophunzira, Mwandi. Ine ndili ku Vubwi ndi matumba, ndiyembekeza lole. Ndigona pamwamba pa soya monga khoswe. Mkazi wanji angabwere pa soya?"

"Sindinanene kuti mwachita."

"Nanga ufunsiranji?"

"Sindinafunse. Ndati mubwere."

"Loweruka. Ndikasiya matumba pano ndipeza atha. Loweruka ndifika, ndimwe zonse zimene afuna, ngakhale matope. Koma mwana ngati adwala maningi, mupereke ku chipatala, usamvere…"

Mawu anaduka. Tsikulo linali Lachiwiri.

Anakhala pamwamba pa chulu, mphepo ikumuwomba. Kumbuyo kwake Dalitso anali kupuma mothamanga, kampweya kake kotentha kakumufika pakhosi. Kupita anali kuopa, kukhala anali kuopa. A Getrude akakhala kuti akunena zoona, ndiye kuti iye adzanyamula mwana wake ndi manja ake kukamupereka ku singano yomupha. Anesi akakhala kuti akunena zoona, ndiye kuti Loweruka ndi kutali kuposa Lusaka. Pamenepo anakumbukira kuti sitetimenti ya Julayi inafika kale, ndipo chifukwa cha matenda sanaitsegule. Meseji ya pa foni imangonena kuti ndalama zatuluka, koma sitetimenti imanena ndi malo omwe. Ngati Alick anali kumene ankanena kuti ali, ngati panalibe ndalama yotuluka mwakabisira kukagula chitenje cha munthu wina kapena chipinda cha ku resiti hausi, ndiye kuti si tsempho. Akanawaonetsa akuluakulu, mzere ndi mzere, ndipo akanamulola kupita mtima uli m'malo.

Sitetimenti inatenga nthawi kutseguka. Kampira ka pa foni kanazungulira, kanazungulira, ndipo Mwandida anakayang'ana mpaka maso analemera. Anaona ngati chulu chayamba kuyenda, chikumutenga pamwamba pa minda yokolola, pamwamba pa midzi imene sanapondemo. Ku Vubwi anali asanafikeko. Ankangomva kuti kuli mapiri obiriwira ngakhale m'chilimwe, kuti munthu amadya m'mawa ku Zambia, masana ku Malawi, madzulo n'kukamwa madzi ku Mozambique. Anaona Alick ali kachinthu kakang'ono pakati pa mapiriwo, atagona pa matumba, jekete atafunda kumutu, ndipo pambali pake panali malo a munthu mmodzi, amene sanathe kuona ngati pali munthu kapena ndi thumba chabe. Foni inanjenjemera m'manja. Mizere inali itabwera.

Anapeza amayi ake ndi a Getrude pansi pa mtengo wa mango, akuswa nshawa m'lichero limodzi. Anayala chitenje, nagoneka mwana pamthunzi m'kabulangete kake kachikasu, nakhuthula chitini. Mphepo inafuna kutenga timapepala, ndiye anatitsamiza ndi timiyala, kamwala pa kapepala, kamwala pa kapepala, potsata masiku.

"Wayamba kuombeza ula?" anafunsa a Getrude.

"Ndikufuna muone kumene anali atate a Dalitso mwezi wathawu. Banki inalemba zonse."

"Banki inali kuyenda nawo?"

"Khadi linali kuyenda nawo."

"Werenga timve," anatero amayi ake, osakweza maso.

Anayamba. Tsiku lachiwiri la mwezi, ku Sinda, kwa ajenti wa pamsika. Kapepala kake ndi aka, ndalama ndi zomwezo. Anachotsa kamwala, nabwezera kapepala m'chitini.

"Ku Sinda," anatero a Getrude, akuswa nshawa ndi mano. "Kumene amaima malole. Kuli atsikana ovala zothina ngati soseji."

"Anakagula soya, amayi aakulu."

"Sindinakane. Soya ndi soya."

Amayi ake anaseka pang'ono m'mphuno, kenaka anadzigwira.

Anapitiriza. Ku Sinda kachiwiri. Ndalama zolowa kuchokera ku depoti ya ku Katete. Ku Chadiza. Ku Vubwi, ku Vubwi, ku Vubwi. Mayina ankatuluka m'kamwa mwake ngati nyimbo yotonthoza mwana, ndipo mizere ya pa foni inayamba kumuonekera ngati mizere ya m'munda, iye akuyenda pakati pake ndi khasu, kupalira umodzi, kulowa wina. Dzina lililonse linali ndi fungo lake. Sinda ananunkha dizilo ndi chimanga chowotcha. Chadiza ananunkha fumbi lofiira. Kamwala kalikonse kochotsa kanapeputsa chifuwa chake pang'ono. Kutali, cha ku Mkaika, ng'oma zinali kuyesedwa pokonzekera mwambo wa Kulamba, zikumveka, zikuzimirira, monga mwa mphepo.

Panali kandalama kakang'ono kopanda kapepala.

"Ako kanadyedwa ndi ndani?" a Getrude anafunsa msanga.

"Ndi ka banki. Amadula mwezi uliwonse chifukwa chotisungira."

"Hmm. Umusungitse munthu nkhuku, iye azidya mazira. Pitiriza."

Anapitiriza mpaka anafika pa mzere umene unamuimitsa. Pakati pa mwezi, ku Katete, pa sitolo ya zovala. Masiku a kumbuyo ndi a kutsogolo kwake onse anali a ku Vubwi. Anayang'ana pa chitenje: timapepala totsala tinali ta ku Vubwi tokhatokha. Anagwedeza chitini. Munali timapepala tobwezera tija tokha.

Manja a a Getrude analeka kuswa. Amayi ake anakweza maso.

"Chavuta n'chiyani?"

"Palibe. Ndikuwerenga."

Anawerenganso. Sitolo ya zovala. M'maganizo anaona chitenje chatsopano chikutambasulidwa pa kauntala, chamaluwa ofiira, ndi dzanja la mkazi lokhala ndi zikhadabo zopaka likuchisisita. Nkhope ya mkaziyo inakana kubwera. Ndiye kuti a Getrude ananena zoona, ndiye kuti jakisoni… Anatembenuka kuyang'ana Dalitso, kuti aone ngati akupumabe, ndipo dzanja lake linagwera pa kabulangete kachikasu.

"Amama, kabulangete aka kanabwera liti?"

"Sukukumbuka? Atate ake anabwera nako masana ena, ali ndi fumbi mpaka m'nsidze. Anati kukuzizira, anasiya matumba kwa mnzawo n'kuthamangira kuno. Anakupeza uli m'tulo, mwana ali pabere. Unadzuka, unawayankhula bwinobwino, unagonanso. Madzi okha ndiwo anamwa."

Mwandida anakumbukira. Anali kuyesa kuti analota: Alick atagwada pakhomo, dzuwa lili kumbuyo kwake, akufunditsa mwana chinthu chowala ngati maluwa a dzungu. Mtengo wake unali ukadali pa kapepala komata pa ngodya ya bulangete, sanakachotse. Anafananitsa ndi mzere uja. Zinali chimodzimodzi.

Mizere yotsalayo anaimaliza mofulumira. Pomaliza anawonkhetsa zolowa, nachotsa zotuluka, ndipo chimene anapeza chinafanana ndi chimene banki inalemba pansi penipeni, mpaka ngwee. Pa chitenje panatsala timiyala tokha.

"Zakwana," anatero, mawu akutuluka opyapyala. "Palibe yosowa. Kumene anati ali ndi kumene anali. Si tsempho, amayi aakulu."

A Getrude anapeta nshawa, nauzira makoko, ndipo anamuyang'ana ndi maso a chifundo amene anamuwawa kuposa kukalipa.

"Wawerenga bwino, mwana wanga. Sukulu sinapite pachabe. Koma pepala lako lanena kumene kunagona khadi. Munthu silinanene. Ndipo zimene ndikunenazi si zonse zogula ndi ndalama. Mkazi wina amangofuna umukweze pa njinga."

Mwandida anayang'ananso foni. Masiku anali pamenepo, malo anali pamenepo, koma pakati pa mzere ndi mzere panali poyera, ndipo usiku wonse wa mwezi wa Julayi unali m'malo oyerawo. Akanatha kufananitsa masitetimenti a chaka chathunthu, poyerapo sipakanadzadza. Alick akanabwera Loweruka n'kukana, a Getrude akanati akubisa. Akanavomera kuti mwana achire, iye mwini sakanadziwa ngati wavomera zoona.

"Tidikire Loweruka," anatero a Getrude, akudzuka ndi lichero. "Ine mawa ndikakumba mizu. Mchere m'ndiwo azithira amako, iwe usakhudze."

Anapita, akukoka mwendo umodzi. Dzuwa linali litapendeka, lofiira ndi utsi, loti munthu n'kuliyang'ana osaphethira. Mwandida ananyamula Dalitso, namuvula kamalaya, namugoneka pamiyendo pake. Anayang'ana pachifuwa. Mpweya ukalowa, pansi pa nthiti pankalowa mkati, ngati munthu akukanikiza ndi zala zosaoneka. M'mawa sizinali choncho, kapena zinali choncho iye osaona. Anamuika kubere. Mwana anayamwa kawiri, naleka kuti apume, nayang'ana amake ndi maso aakulu otopa, osalira. Kusalirako ndiko kunamuopsa.

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka matumba akugwa m'galimoto. Anali a Ezara, atsibweni ake, akupakira nshawa m'Kanta yawo yakale. Mwandida anabereka mwana, napita.

"Atsibweni, mukupita ku Katete?"

"M'mamawa. Ndikufuna ndikakhale woyamba pa depoti, ndisakagone pa mzere. Tambala woyamba akalira ndidzakhala ndadutsa mlatho." Anapukuta thukuta, nayang'ana mutu wa mwana umene unali utazendewera. "Bwanji, ukufuna kutuma shuga?"

"Kutsogolo kuli malo?"

A Ezara anayang'ana cha ku nyumba ya a Getrude, kumene utsi unali utayamba kutuluka.

"Alongo angawo akudziwa?"

"Ayi."

"Adzandidya wamoyo."

"Mukhoza kunena kuti ndinakwera kumbuyo inu osaona."

"Ine ndili ndi magalasi awiri, mphwanga, onse ndi osweka." Anakweza thumba lina, nalikankhira m'kati. "Galimoto ndiimika kumunsi kwa chitsime. Ikalira pano idzutsa mudzi wonse. Sindiimba huta, sindidikira."

Atabwerera anapeza amayi ake akusonkha moto. Mwandida anangowadutsa. Anaanula matewera pa chingwe, ena akadali achinyezi, nawapinda. Analowa m'nyumba, natenga kabuku ka mwana ka kuchipatala, sopo, kapu, ndi ndalama zochepa zimene zinali m'mpango. Chilichonse chimene anaika m'chikwama chinali cholemera, chifukwa mawu a a Getrude anali kumutsata, a mwana wawo woyamba uja, amene manda ake aang'ono Mwandida ankawadziwa. Mantha sanachoke. Anangoona kuti pa zinthu ziwiri zimene anali kuopa, chimodzi sakanachidziwa mpaka kalekale, pamene china chinali pamiyendo pake, chikukoka nthiti.

Mthunzi unatseka khomo. Amayi ake anaima pamenepo, mthiko uli m'manja, akuyang'ana chikwama. Mwandida anayesa kuti aitana akulu awo.

"Akulu anga sananame za mwana wawo," anatero potsiriza, motsitsa mawu. "Ndinalipo. Koma anamuchedwetsa masiku ambiri asanapite naye. Chimene chinamupha sindikuchidziwa. Mpaka lero sindikuchidziwa."

"Ndiye ndichite chiyani, amama?"

"Ine usandifunse. Ndikakuuza kuti pita, zikavuta udzandida. Ndikakuuza kuti khala, chimodzimodzi." Anatembenuka, kenaka anaimanso. "Nsapato usavalire m'nyumba. Galu wa akulu amadziwa mayendedwe ako."

Mwandida anakankhira chikwama kuseri kwa chitseko, nsapato anaika pamwamba pake. Kunja kunali kusanade kwenikweni, ana anali kubwezera mbuzi m'khola, ndipo ng'oma za ku Mkaika zinali zitayambanso. Anakhala pamphasa, msana atatsamira khoma, mwana ali chilili pachifuwa kuti apume bwino. Anatsimikiza kuti sagona. Tambala asanalire adzakhala ali kumunsi kwa chitsime, ndipo adzaimbira Alick ali kale pa msewu wa tala.